Mapazi a Magadalena

Dzuwa linali litapendekera kuseri kwa phiri la Mphunzi pamene Magadalena ankatsekera mbuzi m'khola. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya ku Dedza inali itayamba kulowa m'mafupa. Mbuzi zonse zinalowa kupatula kambuzi kamodzi, kamene kanaima pakhomo miyendo ili njenjenje, makutu ali tcheru kuphiri. Anakakankha ndi bondo, koma kanakana. Apo m'pamene nayenso anaimva ng'omayo.

Sinali ng'oma ya chimtali, sinalinso ya gule wamkulu, pakuti zimenezo ngakhale mwana amazizindikira. Iyi inkalira chapansipansi ngati ikuchokera m'nthaka, ndipo inkatsimphina. Inkati ikagunda kangapo, n'kudumpha pomwe khutu likuyembekezera kuti igunde, kenako n'kuyambiranso. Magadalena anangoona chala chake chakuphazi chikugunda pansi chokha.

"Amayi, akuimba ndani kuphiriko?"

Amayi ake, a Jenifa, ankaolera nyemba zimene anayanika pamkeka. Sanatukule mutu.

"Sunamve kanthu. Tseka kholalo ulowe."

"Koma ndi ng'oma imeneyo."

"Ndati sunamve kanthu, Magadalena."

Magadalena anali m'chaka chachiwiri pa koleji ina ya zaluso mumzinda, kumene ankaphunzira zovina. Anabwera kumudzi patchuthi ali ndi ntchito: aphunzitsi awo, a Cathy, anawalamula kuti aliyense akaphunzire gule wakale wa kwawo, adzamuonetse pa mayeso otsekera chaka. Pamudzipo maphunziro akewo ankawaseka. Amayi a pamjigo ankafunsana kuti kodi iwo akamavina paukwati amayamba aonetsa satifiketi? Munthu mmodzi yekha ndiye anaima naye kuyambira pachiyambi. Anali atsibweni ake, a Vinsenti, alongo awo a mayi ake, amene anamuphunzitsa kuvina ali kamwana, ndipo ndi iwo anakakamiza banja lonse kuti amulole apite kukolejiko.

A Vinsenti anali munthu wokondedwa. Anzawo obadwa nawo anali atayamba kuyendera ndodo, ena ali kumanda, koma iwo ankasenzabe thumba la kachewere kuchokera kudimba mpaka kumsewu osatula. Paukwati ankavina mpaka anyamata kukhala pansi. Anthu ankangoti a Vinsenti sakalamba, n'kumaseka. Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mitengo ya bulugamu, kunali bwalo la dothi lofiira kumene ankasonkhanitsa achinyamata masana kuti aziyeserera magule.

Tsiku loyamba Magadalena anafika pabwalopo atavala nsapato zake zofewa za kukoleji. Atsibweni ake anaseka mpaka misozi.

"Vula zimenezo, mbumba yanga. Nthaka ikudziwe."

Anavula. Pagululo panali Pilira, mtsikana wamtali amene ankatsogolera anzake ovina pa Misa, ndi Bonifasi, mnyamata wongokwatira kumene, wodumpha kuposa onse. Akamaliza kuvina, a Vinsenti ankatenga tsache n'kusesa bwalo okha. Mtsikana aliyense akati awalandire ankamukaniza mwansangala, n'kumuuza kuti bwalo la gule amasesa ndi mwini ng'oma.

Enawo akapita, ankamutsalitsa Magadalena kuti amuphunzitse gule wa mayeso uja. Ankati ndi gule wa makolo amene palibenso wina akumudziwa. Sankamuimbira ng'oma. Ankangomuonetsa kaponyedwe ka mwendo, kutsamiritsa thupi kumanzere, kukoka phazi pansi, n'kuima mwadzidzidzi ngati wapunthwa.

"Nanga ng'oma yake, atsibweni?"

"Idzabwera yokha. Miyendo iyambe yapsa."

Pilira ndiye anayamba kudandaula. Ankati akudzuka m'mawa ali wotopa ngati wachezera kulima. Mapazi ake anachita ming'alu yotuluka magazi, ndipo m'mphepete mwa chitenje chake ankapezamo chisoso ndi dothi la kuphiri, chonsecho wagona m'nyumba yotseka pamodzi ndi azing'ono ake. Amayi ake anati m'chipindamo mumamveka fungo la nsatsi zopserera. Anamutengera kuchipatala, anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, osapeza kanthu. Anabwerera ali wowonda, maso atalowa m'kati. Chimanga chisanathe kulowa m'nkhokwe, Pilira anamwalira. Amayi amene anasambitsa maliro ananong'onezana kuti miyendo inkagwedezekabe, ndipo anachita kuimanga ndi nsalu kuti alowe m'bokosi.

Kumanda a Vinsenti analanda khasu kwa adzukulu n'kukumba okha, thukuta lili kamukamu, anyamata akungowayang'ana.

Sipanapite nthawi, Bonifasi naye anayamba. Mkazi wake, Sandra, ankatchinga chitseko ndi mtondo, n'kugona atamugwira dzanja. M'mawa ankapeza mtondo uli pomwepo, mwamuna ali pomwepo, koma mapazi ali matope okhaokha, zikhadabo zitang'ambika. Madzulo aliwonse nkhungu ikamatsika m'phiri, agalu ankasiya kuuwa n'kukabisala pansi pa nkhokwe, ndipo ng'oma yotsimphina ija inkayamba. Anthu ankathamangira kutseka zitseko kunja kukuwalabe. Palibe amene ankaitchula. Bonifasi anamwalira Lamlungu m'mawa, belu la kutchalitchi likulira. Sandra, akulira, anauza anthu mawu otsiriza a mwamuna wake: "Muuzeni asiye kuimba, ndatopa."

Koma malemuyo sananene kuti ndani.

Mudzi ukagwidwa mantha sukhalitsa usanapeze womuloza. Magadalena ankadzuka m'mawa kupita m'kalasi ina ya pasukulu ya pulaimale, poti ana anali patchuthi, kukawongola thupi monga ankachitira kukoleji. Ankavala kabudula wake wakuda wothina wofika m'akakolo, n'kumagubuduzika pansi, kupinda msana mpaka mutu kugunda zidendene, kuima ndi mwendo umodzi osagwedezeka. Wina anasuzumira pawindo. Pofika masana nkhani inali ponseponse.

"Munthu wamoyo angapindike choncho?"

"Amavina popanda ng'oma, maso ali gwa kukhoma."

"Zayamba iye atabwera."

Izi sizinali zoona, pakuti ng'omayo ena anali ataimvapo zaka za m'mbuyo, koma palibe amene anafuna kukumbukira. Akafika pamjigo amayi ankachotsa zidebe zawo n'kusuntha. Tsiku lina mwala unagwa padenga la a Jenifa. Achibale a Bonifasi ananena poyera kuti akangomwalira wina, nyumba imeneyo ipsa ndi eni ake omwe. A Vinsenti ndiwo anaimirira pakati pa anthu n'kuwadzudzula.

"Mwana wa mlongo wanga musamukhudze. Amene akufuna iyeyu ayambe ndi ine."

Magadalena analira chifukwa cha kuthokoza.

M'mawa wa tsiku lotsatira anadzuka akumva kuzizira kumiyendo. Atavundukula bulangeti anapeza mapazi ake ali dothi lofiira, lonyowa, timiyala titalowa pakati pa zala. Chitseko chinali chokhoma. M'chipindamo munali fungo la nsatsi zopserera.

Anakhala pamphepete pa bedi. Kenako anachita chimene a Cathy anawazoloweza kuchita m'mawa uliwonse, kumvetsera thupi kuti akudandaula ndi malo ati. Gule aliyense amasiya ululu wakewake. Chimtali chimasiya ululu m'chiuno, kudumpha kumausiya m'mawondo. Ululu wa tsikulo unali m'katumba wa mwendo wamanzere ndi m'mphepete mwa phazi lamanja, mmene munthu amakokera pansi. Ankaudziwa ululu umenewu. Ankaumva pang'ono tsiku lililonse akachoka kwa atsibweni ake.

Anaimirira pang'onopang'ono. Anayamba kung'ung'udza kulira kwa ng'oma ya kuphiri ija, n'kuponya mwendo monga anamuphunzitsira. Anatsamira kumanzere, anakoka phazi, anaima. Kuimako kunagwera ndendende pomwe ng'oma ija imadumpha.

Masana amenewo, podziwa kuti atsibweni ake ali kudimba, anapita kwawo. Kuseri kwa bwalo kunali kanyumba kosungiramo ng'oma. Anakankha chitseko, fungo la nsatsi n'kumumenya kumaso. Ng'oma zonse zimene ankazidziwa zinali zopachikidwa pakhoma. Koma pakona, pansi pa chiguduli, panali ina yaifupi, yakuda ndi utsi. Pakati pa chikopa chake panali phula, lija amamata pang'oma kuti ilire bwino, koma ili linali lochindikala modabwitsa ndiponso lofiirira. Analikhudza. Linali lofunda ngati thupi la munthu, ndipo munali mchenga. Pambali pake panali lichero, ndipo m'licheromo munali timilu ta dothi la pabwalo, kalikonse pakokha.

"Wapeza ng'oma ya gule wako."

A Vinsenti anali ataima pakhomo, khasu lili paphewa. Sanaoneke okwiya. Ankamwetulira monga ankachitira nthawi zonse.

"Atsibweni, dothi ili ndi la chiyani?"

"Ukudziwa kale. Sunapite kusukulu pachabe."

"Pilira? Bonifasi?"

"Ana abwino. Koma sankachedwa kutha." Anatula khasu. "Miyendo ya pamudzi pano ndi ya nyengo imodzi basi. Yako ndi ina. Ndinaiona uli kamwana, ndinati iyi ndiisunge, ipite ikakhwime kwa odziwa. Taona mmene yabwerera. Imeneyi indisunga zaka zambiri."

"Ndine mwana wa mlongo wanu."

"N'chifukwa chake sindikufuna kukupweteka msanga. Pita ukawauze ngati ukufuna. Uone amene amukhulupirire."

Anapatuka pakhomo n'kumusiya adutse. Magadalena anathamanga osacheuka. Anapeza amayi ake akusenda kachewere pakhonde, anagwada n'kuwaonetsa mapazi ake, n'kuwauza zonse. A Jenifa anagwetsa mpeni.

"Mlongo wanga weniweni," anatero. "Tithawe, mwanangu. Ukwere minibasi lero lomwe."

"Bonifasi anamutsekera ndi mtondo, amayi. Minibasi ingandithandize chiyani?"

"Nanga titani? Anthu akuloza iwe."

"Ikayamba kulira, musandigwire. Mukuwe, anthu atuluke, anditsatire. Ngakhale atatenga miyala, abwere basi."

Tsiku limenelo ng'oma sinadikire kuti iye agone. Dzuwa litangokhudza nsonga za mapaini, nkhungu inatsika yochindikala ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo kulira kuja kunayamba, kwamphamvu kuposa kale lonse. Magadalena anali atanyamula chidebe. Chinagwa, madzi n'kutayika. Miyendo yake inatembenuka yokha n'kuyamba kuyenda. Anali maso, akuona zonse, koma kuyambira m'chiuno kupita pansi thupi silinali lake.

A Jenifa anakuwa mpaka mawu kusasa. Zitseko zinatseguka pang'onopang'ono. Anthu anaona mtsikana wa kukoleji uja akudutsa pakati pa mudzi, akutsamira kumanzere, akukoka phazi, misozi ili chuchuchu.

"Si uyo! Akupita kuntchito yake!"

"Tiyeni timugwire ali pomwepo!"

Sandra ndiye anali patsogolo, atanyamula munsi. Amuna anatola miyala ndi zikwanje, ena akuunikira ndi mafoni. Anamutsatira kudutsa m'minda yokololedwa, kuwoloka kamtsinje, kukwera m'matanthwe. Minga inkamung'amba mapazi koma miyendo sinkaima.

Pamwamba panali thanthwe lalikulu lafulati, pansi pa phanga. Pakamwa pa phangalo pankayaka kamoto. A Vinsenti anakhala pamwala, ng'oma yakuda ili pakati pa miyendo, maso atatseka, manja akugwa ngati mvula. Sanamve kuti anthu afika. Ndipo m'nkhungu pathanthwepo munali ena ovina. Sankaoneka nkhope, koma wina anali wamtali, wowonda, woponya manja monga amachitira atsikana pa Misa. Wina ankadumpha, akagwa pansi osamveka phokoso. Munsi unapulumuka m'manja mwa Sandra.

"Bonifasi," ananong'ona.

Palibe amene anatha kusuntha. Miyala inangokhala m'manja.

Magadalena analowa pakati pa ovinawo. Kuzizira kwawo kunkamukhudza pakhungu. Ankamva mphamvu ikutuluka m'miyendo yake ngati madzi m'chidebe chobowoka, ndipo ng'oma ikagunda, mapewa a atsibweni ake ankakulirakulira. Anayesa kuima, zinakanika. Anayesa kudzigwetsa, miyendo inamudzutsa.

Kukoleji kunali phunziro limene onse ankadana nalo. A Cathy ankaika woimba ng'oma pakona n'kuwalamula kuti avine motsutsana nayo, aponde pomwe ng'oma yakhala chete. Ambiri ankalira nalo. Magadalena anali atathera miyezi akulimbana nalo mpaka linalowa m'thupi. Tsopano miyendo sinali yake, koma msana, mapewa ndi mpweya zinali zake. Anadikira malo aja amene ng'oma imadumpha, pomwe gule amafuna kuti aime ngati wapunthwa. Atafika pamenepo anaponya thupi lonse kutsogolo, ndipo phazi, pofuna kumuteteza kuti asagwe, linaponda pansi. Linaponda pamalo opanda ng'oma.

Ng'oma inadodoma. A Vinsenti anatsegula maso.

Anabwerezanso. Phazi linapondanso pachete paja. Woimba ng'oma aliyense, ngakhale woipa mtima chotani, manja ake anazolowera kutsatira mapazi a wovina, ndipo manja a Vinsenti anagunda pomwe sanafune kugunda. Kutsimphina kuja kunatha. Magadalena anamva zala zake zakuphazi zikubwerera kwa iye, kenako akakolo, kenako mawondo. Sanathawe. Anawonjezera liwiro.

"Ima!" anakuwa a Vinsenti. "Magadalena, ima!"

Sanaime. Anazungulira, anaponda, anazunguliranso, magazi akudontha pathanthwe. Manja a nkhalambayo ankathamanga pambuyo pake osatha kuleka, mitsempha ya m'khosi itatupa, thovu lili kukamwa. Phula linayamba kusungunuka n'kumayenderera m'zala zawo. Kenako chikopa chinaphulika ndi mkokomo umene unamveka mpaka kumudzi, ndipo fungo limene linatuluka m'menemo linagwetsa anthu ena pansi akusanza.

Kunagwa bata. Ovina a m'nkhungu aja panalibenso.

A Vinsenti anaimirira movutika. Kuwala kwa mafoni kunawagwera. Buluku lawo linkangolendewera pamiyendo yowonda ngati nzimbe, tsaya litagwa, msana utapindika. Anayang'ana anthu onse, anayang'ana mlongo wawo, kenako anayang'ana Magadalena, amene anali atagwada akupuma movutika. Anamwetulira ndi m'kamwa mopanda mano. Anabwerera cham'mbuyo n'kulowa m'nkhungu.

Amuna atatsitsimuka anawathamangira. Anafufuza m'phanga, m'matanthwe, mpaka kunjira ya njinga yolowera ku Mozambiki. Munthu amene sankatha n'kuima bwino uja sanamupeze.

M'mawa anaiswa ng'omayo ndi nkhwangwa pamaso pa mudzi wonse. M'kati munali timfundo ta nsalu tambirimbiri, kalikonse kali ndi dothi. Tina tinali takale, tofumbwa, moti palibe anatizindikira. Sandra anatola kena n'kukuwa, pakuti kanali kachidutswa ka malaya a ukwati a Bonifasi. Amayi ake a Pilira anapeza kansalu koyera ka diresi ya pa Misa. Atsikana ena amoyo a m'gulu lija anapezanso tawo, n'kumalira atakumbatirana. Akatekisiti anapemphera, anawaza madzi odalitsidwa, ndipo dothilo analimwaza mumtsinje. Anthu amene anaponya mwala padenga anabwera kudzagwada pakhomo pa a Jenifa.

Magadalena sanawalabadire. Anali atagwada pamulu wa nsaluzo, akutembenuza kamodzikamodzi. M'mawa womwewo anali atapeza kuti kabudula wake wakuda uja wadulidwa kachidutswa kumwendo. Anafufuza m'ng'oma, m'kanyumba, m'lichero, m'phulusa la paphanga. Kansalu kakuda panalibe.

"Mwina kanapsa," anatero amayi ake.

"Mwina," anayankha.

Mapazi atapola anabwerera kukoleji. Ankadya, ankagona, ankadzuka mapazi ali oyera. Anasankha chimtali kuti ndicho adzavine pa mayeso, ndipo za gule uja sanauze munthu. Miyezi inadutsa, mvula yoyamba inagwa, mtima wake unayamba kukhala pansi.

Tsiku lina chakumadzulo anatsalira m'chipinda choyeserera pamodzi ndi a Cathy. Woimba ng'oma anali atapita kale, mawindo ali otseka, m'chipindamo muli zii. Magadalena anawerama kuti amange nsapato, ndipo anamva fungo la nsatsi. Mwendo wamanzere unatsamira. Phazi lamanja linakoka pansi. Thupi linatembenuka n'kulunjika chitseko, n'kuyamba kuvina bwino kuposa mmene linavinira chiyambire.

A Cathy anaika chikwama pansi n'kuyamba kuomba m'manja, nkhope ikuwala.

"Magadalena! Gule wokongola chonchi umamubisiranji? Ameneyu ndiye wa mayeso!"

Magadalena anatambasula manja kwa iwo, miyendo ikumukokera kukhomo.

"Ndigwireni, madamu," anatero. "Ndigwireni mwamphamvu. Apeza ng'oma ina."